Matenda Asanu ndi Awiri a Mama Obedi

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ku Uhenga mwambi umenewu unali wa anthu ena. Kumeneko munthu akamva m'mimba ankatuma Mama Obedi.

Mudzi wa Uhenga uli pamwamba pa phiri, pomwe chipatala chili m'munsi, ku Lugavilo, ulendo wa maola atatu potsika ndi anayi pokwera. Lachinayi lililonse a Yustina Tweve, amene aliyense ankawatchula Mama Obedi potengera dzina la mwana wawo woyamba, ankatsika ndi dengu la mbatatesi kupita kumsika. Asanafike pa mitengo ya paini yomwe ili kumapeto kwa mudzi, anthu ankakhala atawadikirira kale m'mbali mwa njira, aliyense ndi lake. Uyu chifuwa, uyu mawondo, uyu nkhani yonong'oneza. Mama Obedi sankadziwa kulemba, choncho ankamanga mfundo m'mphepete mwa chitenje chawo, munthu mmodzi mfundo imodzi.

Kuchipatalako kunali a Mbilinyi, amene anthu ankawatcha dokotala ngakhale kuti pepala lawo linkanena zocheperako. Anakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ankadziwa bwino matenda a anthu a ku Uhenga kuposa nkhope zawo.

"Shikamoo, Mama. Lero mwadwala chiyani?" ankawalonjera ndi moni wa Chiswahili n'kufunsa motero.

"Marahaba. Mawondo."

"A ndani?"

"A Mama Sesi. Akuti lakumanzere layamba kulira ngati chitseko."

A Mbilinyi ankalemba mankhwala pa kapepala, pamwamba dzina la munthu amene wakhala pampando, kuseri dzina la mwini matenda. Pawindo la mankhwala, mtsikana wopereka mankhwala, Zawadi, ankangotembenuza kapepalako n'kukopera dzina lakuseri pa envulopu. Palibe amene anakhala pansi kupangana zimenezi. Zinangomera zokha, ngati njira yachidule ya m'munda.

Pa mfundo zonse panali imodzi yomwe sinkamasulidwa ngakhale pochapa. Imeneyo inali ya Vene, mwana wawo wamkazi womaliza. Vene anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo tsiku lina anagwera pakati pa msika wa Lugavilo. Anthu anabalalika ngati kwagwa njoka. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumutseka pakamwa, poopa kuti thovu likamufika nayenso agwa. Mama Obedi anabereka mwana wawo kukwera naye phiri, ndipo ali m'njira analumbira kuti maso a anthu a ku Lugavilo sadzamuonanso. Kuyambira pamenepo mankhwala ake ankakatenga ndi iwowo, mwezi ndi mwezi, piritsi limodzi madzulo aliwonse. Vene tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankaphika yekha pamoto, ankatunga madzi yekha kumtsinje, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitadutsa osagwanso.

Kenako boma linathetsa mapepala. Kunabwera magalimoto atatu, tenti, ndi bwana wina wa ku likulu amene analankhula kwa ola lathunthu atavala chijasi chobwereka, chifukwa sanauzidwe za kuzizira kwa kuno. Anati kapepala kamatayika, kamanyowa, ndipo kamalembedwa ndi dzanja lomwe mwini wake yemwe satha kuliwerenga. Anati kuyambira lero, dziko lonse, dokotala azilemba mankhwala pa kompyuta, wodwala azidinda chala pa kagalasi, ndipo zolembedwazo zizifika zokha pawindo la mankhwala ndiponso ku likulu nthawi yomweyo. "Makina sanama," anatero, anthu n'kuwomba m'manja kuti atenthetse zala.

Lachinayi lotsatira Mama Obedi anapeza a Mbilinyi akusaka zilembo ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Atamva za mawondo a Mama Sesi, a Mbilinyi anaima kaye. Anatembenuza kompyuta ija n'kuyang'ana kumbuyo kwake, komwe kunali mawaya ndi fumbi basi.

"Chinthuchi chilibe kuseri, Mama," anatero.

"Ndiye mulemba pati?"

"Akuti mankhwala ndi a mwini chala."

"Chala cha Mama Sesi chili pamwamba pa phiri, pamodzi ndi mawondo awo. Ndikachidule?"

A Mbilinyi anasuzumira pakhomo, n'kukankhira kagalasi kaja kwa iwo. "Dindani chanucho. Mayina mukamuuze Zawadi pakamwa."

Zinayenda chonchi miyezi isanu ndi itatu, ndipo palibe amene anadandaula. Makinawo anali aulemu. Chilichonse chimene ankauzidwa ankachilandira, n'kuchisunga.

Lachinayi lina la mu Juni, nkhungu itaphimba phiri lonse, Mama Obedi ananyamuka ndi mfundo zinayi. Asanatuluke anagwedeza kabotolo ka Vene n'kuwerenga: mapiritsi atatu, la lero, la mawa ndi la Loweruka. Sanade nkhawa, popeza tsiku lotenga ena linali lomwelo.

Pachipatala anapeza galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo, ndipo a Mbilinyi anali pakhonde akuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Atawaona anawakokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Dzina lanu lafiira," anatero monong'ona.

"Lafiira bwanji?"

"Latsekedwa. Silingalandire ngakhale panado mpaka dokotala wamkulu akuoneni. Makina a ku likulu apeza kuti m'boma lino lonse palibe munthu wodwala kuposa inu. Atumiza munthu kudzakuonani musanafe."

Mama Obedi anatula dengu pansi. "Nanga a Vene?"

"N'chimodzimodzi. Mverani, Mama. Ine kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndipume. Mukanena zoona, andichotsa ngati galu wakuba mazira. Lowani mukadwale."

"Ndiyambe ndi ati?"

"Alionse. Koma musamayende mwamphamvu chonchi."

Mlendoyo anali mtsikana wa msinkhu wa Vene, wochokera kumpoto, dzina lake Dokotala Mushi. Anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kuyang'ananso pa kompyuta, ngati munthu amene wapatsidwa katundu wosakhala wake.

"Mwabwera pa chiyani, Mama?"

"Wapansi." A Mbilinyi anatsokomola kumbuyo. "Pang'onopang'ono," anawonjezera Mama Obedi.

"Ndi dengu lili panjalo?"

"Ndi lopepuka."

"Ndinayesa kulisuntha kuti ndidutse. Silinasunthe." Dokotala Mushi anayamba kuwerenga. "Pano pali mizere isanu ndi iwiri. Nyamakazi. Mphumu. Zilonda za m'mimba. Zonsezi ndi zanu?"

"Ndi zanga, mwanangu. Zimasinthana."

"Bambo akunyumba alipo?"

"Anatisiya. Chaka chino n'cha khumi ndi chinayi."

"Pepani. Pano palembedwa kuti munalandira mankhwala a chinzonono mu Febuluwale. Ndiponso mu Epulo."

Mama Obedi anali mkulu wa kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo. Anakumbukira nkhope ya mnyamata wocheka matabwa amene anawanong'oneza nkhaniyi atayang'ana pansi, ndipo anamulonjeza mumtima kuti akakwera phiri aonana. Koma dzina lake sanalitchule.

"Satana sayang'ana msinkhu," anatero.

"Zoona. N'chifukwa chake mukumwanso mapiritsi olera, pa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi?"

"Munthu sudziwa."

Dokotala Mushi anagwira pakamwa ngati akufuna kuyetsemula, n'kupitiriza. "Awa ndi amene anadabwitsa anthu ku likulu. Ndi mankhwala a abambo okalamba amene mkodzo umawavuta kutuluka. Amachiza kachiwalo kena kamene ife akazi tilibe."

"Mwina ine ndili nako. Ndani anayang'anamo?"

Apa a Mbilinyi anapempha kuti akamwe madzi, koma anauzidwa kuti akhale pomwepo.

Dokotala Mushi anaimirira n'kuyamba kuwapima. Anamvetsera chifuwa, ndipo mphumu sanaipeze. Anapinda mawondo, mawondo n'kupindika mwakachetechete. Anadina pamimba, Mama Obedi n'kubuula mochedwa, dzanja litachoka kale. Pomaliza anawamanga lamba wopopa pamkono. Atawerenga manambala anamasula, n'kumanganso. Kenako anatuma Zawadi kuti abweretse makina ena, n'kuyeza mkono winawo. Nkhope yake inali itasiya kuseka.

"Mutu umakupwetekani?"

Funso limeneli linawasokoneza, chifukwa silinali pa mfundo iliyonse. "Kunkhongo kuno, m'mawa. Koma ndi dengu."

"Maso amachita mdima?"

"Pokwera. Ndi phiri."

"Magazi anu akuthamanga moti mukanatha kugwa m'njira tsiku lililonse, mbali imodzi n'kufa. Anakuyezani liti komaliza?"

Mama Obedi anayang'ana a Mbilinyi. A Mbilinyi anayang'ana simenti. Zaka makumi awiri ndi ziwiri mayiyu anakhala pampando umenewu Lachinayi lililonse, ndipo panalibe tsiku lomwe wina anaganiza zowagwira mkono. Munthu sayeza mthenga.

Dokotala Mushi anakhalanso pansi n'kuyamba kufufuta mizere ija umodziumodzi. Nyamakazi inapita. Mphumu inapita. Chinzonono chinapita, Mama Obedi n'kupuma mozama. Sanadandaule kwenikweni, poti eni ake akanatha kupirira sabata imodzi kapena ziwiri. Maso awo anali pa mzere womaliza, ngakhale kuti sankatha kuuwerenga.

"Watsala wa khunyu," anatero Dokotala Mushi. "Uwu ndi wa mwezi ndi mwezi, osadumpha. Ndiuzeni mmene zimakhalira mukamagwa."

Apa Mama Obedi sanafunikire kupeka. "Zimayamba ndi kukhala duu, ngati munthu wamva kuitana kutali. Kenako dzanja lamanja limakoka, mutu n'kupotokera kumanzere. Maso amatembenuka, kutsala oyera okha. Milomo imada bii. Thovu limatuluka mbali imodzi, nthawi zina ndi magazi lilime likalumidwa. Ukawerenga pang'onopang'ono, pofika makumi asanu ndi atatu thupi limalekerera. Pambuyo pake ndi tulo, ndipo podzuka mawu oyamba ndi kufunsa ngati panali anthu."

Anamaliza mokhutira, poganiza kuti apa pokha akhoza.

"Mama," anatero Dokotala Mushi motsitsa mawu, "munthu wakhunyu saona maso ake akutembenuka. Sawerenganso mpaka makumi asanu ndi atatu. Ndani amene mumamuyang'anira?"

Mama Obedi anagwira mfundo yakale ija, yomwe inali itauma ngati mwala. Kenako ananena dzina la mwana wawo, ndi zonse za tsiku la kumsika lija.

"Atsala atatu," anamaliza motero. "Ndilembereni a mwezi uno wokha. Chala ndi ichi."

"Sindingathe."

"Makina anuwo sadziwa kuti chala n'cha ndani mumtima. Miyezi isanu ndi itatu akhala akuvomera."

"Makinawo angavomere, koma ine ayi. Mankhwala amenewa anayezedwa pa thupi la mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Palibe amene wamuonapo kuchokera nthawi imeneyo. Ine ndili pano mpaka Loweruka masana. Bwerani naye."

"Ndinalumbira."

"Munalumbira kwa ndani? Kwa iye?"

Apa a Mbilinyi analowerera n'kufunsa chimene chilembedwe za iwo. Dokotala Mushi anawaonetsa pa kompyuta. Pa mzere uliwonse wofufutidwa makinawo ankafuna chifukwa, koma ankalola kusankha pa zitatu zokha: wodwala wamwalira, wodwala wachira, kapena wolemba analakwitsa.

"Palibe pamene pakuti mudzi wonse umadwalira m'thupi la mayi mmodzi," anatero. "Ndikati wolemba analakwitsa kasanu ndi kawiri, akuitanani ku likulu. Ndikati wamwalira, mayiwa sadzalandiranso kanthu." Anadina chapakati, kasanu ndi kawiri. "Koma Baba Mbilinyi, ndikadzabweranso ndidzayamba ndi kuwerenga anthu amene mwawagwira mkono."

Tsiku limenelo mbatatesi anazigulitsa motchipa kwa wokazinga tchipisi, ndipo anakwera phiri ndi envulopu imodzi yokha, ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi, yolembedwa dzina lawo. Pa mitengo ya paini anthu anali akudikira. Mama Obedi anamasula mfundo zitatu pamaso pawo.

"Ndachira," anatero. "Boma landichiritsa matenda anu onse."

Mzee Ilomo, nkhalamba yomwe inali mwini mankhwala a mkodzo aja, anagunditsa ndodo pansi. "Wachira iwe, nanga ine ndikodza bwanji?"

"Katengeni chala chanu mupite nacho."

"Ndikakhale pamzere ndi azimayi oyembekezera, ndikauze kamtsikana za m'kabudula mwanga? Iwe Yustina, mwamuna wako akanakhalapo sukanayankha chonchi."

"Akanakhalapo akanamva kuti mkazi wake wadwala chinzonono kawiri. Ndisiyeni ndidutse, Mzee."

Mama Obedi anapeza Vene kuseri kwa nyumba akupeta tirigu. Anakhala pa mtondo n'kumufotokozera zonse, akuzungulira kutali ngati munthu wokanena maliro. Anati mwina angayese chipatala china, kutsidya kwa phiri, koma anakumbukira okha kuti bwana uja anati dziko lonse. Anati mwina zaka zisanu ndi chimodzi zikutanthauza kuti matendawo anatha, koma ponena zimenezi anayang'ana moto wa m'khitchini, pamene Vene ankaphikira yekha.

Vene sanasiye kupeta. "Loweruka tinyamuke nthawi yanji?"

"Wamva zimene ndanena? Ndi ku Lugavilo. Njira yake imadutsa pamsika."

"Ndamva, Mama."

"Sukuopa?"

"Za tsiku limenelo ine sindikumbukira kanthu. Ndinadzuka ndili kumsana kwanu. Amene munaona ndinu." Anauzira mankhusu n'kuwonjezera, "Ndakhala ndikufuna nsapato zodziyesa ndekha. Zimene mumandigulira zimandithina."

Zaka khumi ndi ziwiri Mama Obedi anasenza lumbiro lija ngati katundu wa mwana wawo, osafunsa ngati mwiniwake anawatuma.

Loweruka anatsika awiri, piritsi lomaliza lili m'kabotolo. Pamsika panali anthu ochepa. Mayi amene anatseka mwana wake pakamwa uja anali atasamuka kalekale, ndipo wogulitsa mandasi anangofunsa ngati mtsikanayu ndi mpongozi. Mama Obedi anakhumudwa pang'ono kuti palibe amene akukumbukira chinthu chimene iwo sanagone nacho tulo.

Vene anadinda chala pa kagalasi. Makina anaganiza kwa kanthawi, kenako anatulutsa tsamba loyera.

"Akuti sunadwalepo chibadwire," anatero Zawadi akusuzumira. "Mwayi wako."

Dokotala Mushi anakhala naye ola lathunthu. Anamuyeza pa sikelo, anamufunsa za tulo ndi za kumwezi, ndi ngati pali mwamuna amene akumuyang'ana. Funso lomalizali Vene analiyankha motsitsa mawu moti amayi ake, amene anatchera khutu pakhomo, sanamve. Anatuluka ndi mankhwala a miyezi itatu, mlingo wake utasinthidwa, dzina lake lili pa envulopu. Mama Obedi anauzidwa kuti mchere achepetse, piritsi lawo asadumphe, ndipo dengu alisiyire ena.

Kumapeto kwa mwezi kunabwera kalata yoyamikira chipatala cha Lugavilo. Inati dongosolo latsopano laonetsa mphamvu zake, poti mayi wina amene anali ndi matenda asanu ndi awiri anapezeka msanga ndipo anachira onse tsiku limodzi. A Mbilinyi anaiika m'felemu n'kuipachika pamwamba pa kompyuta. Inanenanso zoona zina: odwala atsopano anachuluka. Mama Sesi anatsika pa njinga yamoto akutukwana woyendetsa njira yonse, ndipo wa mphumu anabwera yekha. Mnyamata wocheka matabwa anayamba kudzera njira ina akaona Mama Obedi. Mzee Ilomo sanatsike.

Lachinayi loyamba la mwezi wotsatira, Vene ndiye anasenza dengu. Mama Obedi anamuperekeza mpaka pa mpanda, n'kuima pamenepo manja ali m'chiuno, osadziwa chochita ndi tsiku lonse lomwe linali patsogolo pawo. Nkhungu inali itayamba kukwera. Pa mitengo ya paini anaona munthu mmodzi atatsamira ndodo, ndipo mphepo inabweretsa mawu ake bwinobwino.

"Mwana wanga Vene, taima kaye. Ndamva kuti dzina lako kumakinako lili ndi malo ambiri."

Vene anaima. Anayankha kanthu kena kamene mphepo sinabweretse, ndipo Mzee Ilomo anasendera pafupi n'kuyamba kunong'ona. Mama Obedi anaona dzanja la mwana wawo likutsikira m'mphepete mwa chitenje. Kuchokera pa mpandapo sanathe kuona ngati akumanga mfundo kapena akungofunditsa zala chifukwa cha kuzizira. Anafuna kukuwa, koma anakumbukira kuti dokotala anawaletsa kupsa mtima, ndipo analowa m'nyumba kukamwa piritsi lawo.